Pamene Helena Anaphonya

M'mawa uliwonse, asanatsegule chitseko cha nyumba yake ya magemu pa Golomoti, Noel ankachita chinthu chimodzi chimene sankafuna kuti wina aliyense achione. Ankasesa, n'kupukuta fumbi pa TV, n'kuyatsa makina. Akatero ankasankha nyimbo ya nambala naini, n'kukhala pabenchi manja ali pamaondo. Ng'oma sankazikhudza.

Gemuyo inali ndi dzina lalitali lachingerezi limene palibe ankadzivutitsa nalo. Anthu ankangoti Gunda. Inali ndi ng'oma zinayi zapulasitiki ndi timitengo tiwiri. Nyimbo ikayamba, pa TV pankatsika timipira tamitundumitundu, ndipo wosewerayo ankayenera kumenya ng'oma ya mtundu womwewo pa nthawi yake yeniyeni. Ukamenya bwino nyimbo inkayenda. Ukaphonya inkadukiza, ngati munthu wapunthwa.

Pa nyimbo iliyonse makinawo ankasunga kamenyedwe ka munthu mmodzi yekha, amene waposa onse. Dzina lake linkakhala pamwamba. Ukafuna unkatha kungomvera mmene iye anamenyera, kapena kupikisana naye ngati wakhala pambali pako. Koma wina akangomuposa, wakaleyo ankafufutika, osabweranso.

Pa nyimbo ya nambala naini dzina linali HELENA. Ameneyu anali mkazi wa Noel, ndipo panali patatha zaka zitatu chimwalirireni.

Noel ankatsinzina n'kumamvera. Ankalidziwa dzanja lamanzere la mkazi wake, limene linkagwa molemera kuposa lamanja chifukwa cha zaka zambiri zoimba ng'oma m'kwaya ya ku Mua. Ankadziwa pamene ankafulumira pang'ono, ndi pamene ankabweza mtima. Ndipo chakumapeto, nyimbo itatsala pang'ono kutha, pankabwera malo amene iye ankawadikira kuposa ena onse. Ng'oma inkakhala chete kamodzi. Pa timipira tonse ta m'nyimbomo, Helena anaphonya kamodzi kokha, ndipo anamuphonyetsa anali Noel.

Tsiku limenelo Helena anasiya mabeseni ake a mpunga wogulitsa pakhonde n'kulowa kudzasewera. Anyamata anadzaza pakhomo. Noel ataona kuti mkazi wake amaliza nyimbo yonse osaphonya, zimene iye mwini anali asanachitepo, kansanje kanamugwira. Anaima pakhomo n'kukuwa kuti, "Helena, mbuzi zikudya mpunga!" Helena anacheuka, kampira kamodzi n'kudutsa. Panja panalibe mbuzi ngakhale imodzi. Anamaliza nyimboyo, n'kumugenda Noel ndi kamtengo, ndipo anaseka mpaka misozi.

"Iwe mfiti iwe," anatero. "Mawa ndibwereza. Udzakhale panja."

Sanabwereze. Mawa lake kunali msika, mkuja kunali maliro a mnansi, kenako inafika nthawi yookera mpunga ku Bwanje. Mu Febuluwale anadwala mutu masiku atatu, la chinayi n'kutsamira mkono.

Noel kwawo kunali ku Mtakataka, koma ankakhala pachikamwini m'mudzi wa kwawo kwa Helena, panjira yopita ku Mua. Palibe amene anamuchitira nkhanza. Zonse zinayenda monga mwa mwambo. Atameta, abale a malemuyo anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kugawana katundu wake. Zitenje zinapita kwa abale ake aakazi. Mpango wa kwaya ndi zithunzi anatenga mayi ake. Foni anapatsa mlongo wake wamng'ono, amene anafufuta zonse tsiku lomwelo kuti aikemo nyimbo zake. Anabweranso pa Golomoti kudzatenga mabeseni ndi mbale yoyezera mpunga. Makina a Gunda anangowayang'ana n'kunena kuti, "Izi ndi zoseweretsa ana, zikhale."

Chitatha chaka anamusudzula. Ankhoswe anamuthokoza kuti anawasungira bwino mwana wawo, ndipo anamuuza kuti tsopano ndi womasuka. Mwana mmodzi yekhayo wa Noel ndi Helena, Chiyembekezo, anatsala kuchikazi m'manja mwa Priscilla, mkulu wake wa Helena. Noel anamanga zovala ndi khasu panjinga, n'kukayala mphasa m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya magemu. Cha Helena chimene anatsala nacho chinali nyimbo ya nambala naini basi.

N'chifukwa chake anamata pepala pakhoma lolembedwa kuti NAMBALA 9 NDI YOWONONGEKA. Linali bodza, ndipo anyamata ankadziwa. Koma wina akangoyendetsa chala kulowera ku naini, Noel ankaimirira, ndipo nkhope yake inkakwanira.

Kwa nthawi ndithu Gunda inali yokha pa Golomoti. Kenako Lackson anabwera kuchokera ku Joni ndi chipewa chofiira, mawu aakulu ndi gemu ina. Anatsegula nyumba yake kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi Noel, pafupi ndi poimira maminibasi. Gemu yake inalibe ng'oma. Inali ndi kamphasa kapulasitiki kojambulidwa mivi, ndipo munthu ankaponda mivi ija ndi mapazi motsatira nyimbo. Anthu anaitcha Ponda.

Achinyamata a pa Golomoti anagawikana. Panali a Gunda ndi a Ponda, ndipo ankatukwanizana modutsa msewu, maminibasi akudutsa pakati pawo.

"Inu a Gunda, mbalame zatha kale ku Bwanje! Mukumenyeranji zitini?"

"Bola ife! Inu mukupondaponda dothi chaka chonse, njerwa zake zili kuti?"

"Gunda ndi ya anthu a nyamakazi, osewera atakhala pansi!"

"Ponda ndi ya opanda manja! Nyumba yonse fungo la mapazi!"

Zinkaoneka kuti ngakhale opanga magemuwo kunja kuja nawonso sankagonerana tulo. Chisanathe chaka inatuluka yachiwiri, Ponda Thu, yokhala ndi timphasa tiwiri kuti anthu azipikisana awiriawiri. Lackson anaibweretsa pa kabaza, ataimangirira nsalu ngati mkwatibwi. Mbiri inamveka kuti a Gunda nawo ayankha ndi Gunda Thu, ya ng'oma zisanu ndi chopondera cha phazi. Anyamata a Noel ankabwera ndi nkhaniyo tsiku ndi tsiku, akumuonetsa pafoni.

"Bwana, tigulireni iyi. Anzathu akutiseka."

"Imeneyo siilowa m'makina awa," Noel ankayankha. "Imafuna makina atsopano."

"Ndiye sinthitsani akalewa."

"Sewerani zimene zilipo."

Pa tchuthi Chiyembekezo ankabwera kudzakhala ndi bambo ake masiku angapo. Anali atakwanitsa zaka khumi ndi zinayi, wamtali ngati mayi ake, ndipo ku tchalitchi anali atayamba kumupatsa ng'oma yaing'ono pa Misa ya achinyamata. Akakhala pa Gunda, anyamata ankasiya phokoso. Maina a pa nyimbo ya fayifi, ya seveni ndi ya teni onse anali ake.

"Ababa," anafunsa tsiku lina, "naini inawonongeka bwanji pamene zinazi zikuimba?"

"Inawonongeka basi. Imba teni."

"Teni ndatopa nayo. Komanso dzina la amayi likuoneka bwinobwino."

"Ndati imba teni."

Mtsikanayo anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kuimba teni. Noel anatuluka panja ngati akukaona njinga. Pa Golomoti ponse munthu amene ankamuopa pa nyimbo ija anali mwana wake yemweyo. Akanatha kumukhazika pansi n'kumuuza. Akanatha kumuitana m'mawa wina kuti amvere limodzi. Kangapo konse mawu anafika pakamwa, koma ankabwerera. Zonse za Helena anthu anagawana pansi pa mango paja iye akuona. Ichi chokha sanafune kugawana ndi munthu, ndipo ankachita manyazi kuti munthu ameneyo akuphatikizapo mwana wake.

Kenako inafika yachitatu, Ponda Fili. Iyi inali ndi kakamera, ndipo munthu ankadziona yekha pa TV akuvina. Ngakhale amayi ogulitsa tomato ankasiya malonda kukasuzumira. A Gunda anayamba kuwoloka msewu mmodzimmodzi, ena akuzolika, ena osabisa n'komwe. Pofika mu Juni, nkhuku ya mnansi inali itayamba kuikira mazira pansi pa benchi ya Noel, popeza panalibe woisokoneza.

Lackson ankaima m'mphepete mwa msewu n'kukuwa, "Bwana Gunda! Mwadzuka bwanji ku myuziyamu kumeneko? Mukafuna ntchito yopukuta timphasa mundiuze!"

Chibwerereni Lackson, Noel anali asanawolokepo msewu umenewo kupita mbali imeneyo. Koma ankadziwa kumene zinthu zinkalowera. Nyumba ya magemu yopanda osewera siikhalitsa. Akaitseka, kopita kunali kumudzi kwawo ku Mtakataka, kunyumba ya udzu ya mayi ake, kumene kunalibe magetsi. Kumeneko makina akanangokhala m'katoni, ndipo Helena akanakhala chete. Anaona kuti pofuna kusunga nambala naini ayenera kubweretsa Gunda Thu.

Anaganiza masiku angapo, ndipo anapeza nzeru imene inamukhazika mtima pansi. Iye anakulira pa makaseti ndi zimbale. Ankadziwa kuti wailesi ikhoza kufa, koma nyimbo imakhala m'kaseti. Ukaiika m'wailesi ina, woimba ndi yemwe uja. Choncho Lachinayi m'mawa, atamvera nambala naini kawiri, anatulutsa chimbale cha Gunda m'makina, n'kuchikulunga m'mpango woyera, n'kuchiika pansi pa zovala m'sutikesi. Makinawo anawaika m'chikwama, n'kukwera minibasi ya ku Salima pamodzi ndi matumba awiri a mpunga owonjezera pa msinthowo.

Ku Salima kunali Hassani, amene ankagulitsa ndi kusinthitsa makina a magemu m'kasitolo kodzaza nthambo. Anawayatsa makina a Noel, n'kuwagogoda, n'kuwanunkhiza kumbuyo.

"Mwawasamala, bwana. Awa sachedwa kupeza mwini."

"Ndifunse chimodzi," anatero Noel. "Chimbale chakale chija, cha Gunda yoyamba, chingalowe m'makina atsopanowa?"

"Chimalowa bwinobwino. Chatsopano sichilowa m'akale, koma chakale m'atsopano, wallahi, palibe vuto."

"Nyimbo zonse zidzaimba? Ngakhale naini?"

"Zonse. Naini ili ndi chiyani?"

M'sitolomo munali anthu ena atatu, mmodzi akudya chinangwa. Noel anayang'ana pansi. Akanayamba bwanji, bambo wamkulu, kufotokozera alendo kuti m'mawa uliwonse amakhala pabenchi kumvera mkazi wake wakufa akumenya ng'oma zapulasitiki?

"Palibe," anatero. "Ndimangoikonda."

Anafika pa Golomoti dzuwa litapendeka, katoni yaikulu ili paphewa. Asanamalize n'kulumikiza komwe, mbiri inali itafika kumsika. A Gunda anabwerera akuthamanga, ena akadali ndi fumbi la timphasa ta Lackson kumapazi. Nkhuku ija inathawa ikulira. Lachisanu m'mawa anapeza anthu ali kale pakhomo asanasese, ndipo anatsegula. Kanali koyamba pa zaka zitatu kuyamba tsiku osamva nambala naini. Anadziuza kuti Helena akanamvetsa, pajatu malonda ankawadziwa. Tsiku lonse ng'oma zisanu zinalira, ndipo kutsidya kwa msewu Lackson anaoneka akukwera minibasi, chipewa atachitsitsira kumaso.

Loweruka linali tsiku la msika. Noel analawirira, n'kukhoma chitseko ndi mpiringidzo. Anamasula mpango uja, n'kupukuta chimbale ndi malaya ake, n'kuchilowetsa m'makina atsopano. Gunda yakale inayaka monga mwa masiku onse. Anatsitsa mpaka pa naini.

Pamwamba panalibe dzina. Panali timizere chabe.

Anaona pa teni, pa seveni, pa fayifi. Maina a Chiyembekezo nawo kunalibe. Anazimitsa, n'kuyatsanso. Anatulutsa chimbale, n'kuchiuzira mpweya, n'kuchipukutanso, n'kuchibwezera. Timizere tomwe tija. Anasankha pomvera paja, koma makina anangolira kamodzi osachita kanthu.

Anaimbira Hassani, foni inali yozimitsa. Anaimbanso, n'kuimbanso. Panja anyamata ankagogoda akuitana Gunda Thu, kenako anatopa n'kupita. Noel anakhala pansi, msana atatsamira benchi, akuimba foni mphindi zilizonse. Inayankhidwa dzuwa lili paliwombo.

"Bwana wa ku Golomoti! Ikuyenda?"

"Maina asowa. Ndaika chimbale chakale koma maina palibe. Munati zonse zidzaimba."

"Nyimbo zikuimba, si choncho? Munafunsa za nyimbo. Chimbale chimangonyamula nyimbo, bwana. Maina ndi zimene anthu amenya zimakhala m'mimba mwa makina."

Noel anagwira benchi. "Makina anga aja ali kuti? Musawakhudze. Ndikubwera pompano."

"Aaa, mwachedwa. Ndinakuuzani kuti sachedwa. Anapita dzulo masana, sindinapeze n'komwe mpata wofufuta za m'katimo. Ndinawonjezerapo chimbale china cha Gunda ndi ng'oma zakale zimene zinali kuno. Wagula ndi wakwanu konko, wachipewa chofiira, wolongolola. Akuti akufuna akhale ndi zonse ziwiri kuti mnzake wina atseke."

Hassani ankalankhulabe, koma Noel anali atatsitsa foni. Kupyola phokoso la msika ndi mahutala a maminibasi, kuchokera kutsidya kwa msewu, kunkamveka nyimbo imene akanaizindikira ngakhale ali m'tulo.

Anawoloka osayang'ana uku ndi uku. Kondakitala wina anamutukwana. Pakhomo pa Lackson anthu anali atadzaza mpaka pakhonde, ndipo pambali panaima Priscilla, dengu la kumsika lili pamutu.

"Alamu, mwaswera? Timati tikamaliza kugula tikupezeni. Koma mwanayu wangomva nyimbo n'kundithawa, akuti..."

Noel sanamve zotsalazo. Lackson anali atamuona kale, ndipo anatambasula manja.

"Eee! Lero igwa mvula ya mu Juni! Bwana Gunda awoloka msewu! Anyamata, apatseni mpando alendo. Mwabwera kudzaona naini yanu yowonongeka ija? Kuno yachira!"

"Zimitsani," anatero Noel. Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono. Anamugwira Lackson pamkono n'kumukokera pafupi. "Chonde, achimwene, zimitsani. Dzina lili apolo ndi la malemu mkazi wanga. Ndi iyeyo akumenya mmenemo. Wina akamuposa afufutika. Ndilibenso china chake. Ndilibe ngakhale chithunzi."

Kuseka kunachoka pankhope ya Lackson. Anavula chipewa.

"Ambuye wanga. Ine ndimayesa ndi kasitomala chabe. Chiyambire m'mawa ayesa anthu oposa khumi, onse agwa panjira." Analoza m'kati. "Swichi ili kuseri kwa TV, pakhoma. Lowani muzimitse nokha, ine ndiwauza."

Noel anadzipanikiza pakati pa anthu, akukankha mapewa ndi zigongono. Anafika pakhoma, n'kupeza swichi, n'kuikapo chala. Ndi pamene anayang'ana amene anali pampando.

Anali Chiyembekezo. Anali atavula nsapato, chitenje atachimanga m'chiuno, ndipo anali atasankha kupikisana. TV inagawika pakati. Kumanzere timipira tinkatsika pansi pa dzina la HELENA, tikuphulika tokha popanda wotimenya. Kumanja tinkaphulika ndi timitengo ta mwanayo. Ng'oma ziwirizo zinkamveka ngati imodzi. Nyimbo inali itadutsa pakati, ndipo mbali zonse ziwiri panalibe pophonya.

Mwanayo sanawaone bambo ake. Maso ake anali kumanzere kwa TV kuposa kumanja. Misozi inkatsika mpaka pachibwano, koma pakamwa pankaseka, kuseka kumene Noel anali asanakuone chiikireni maliro.

"Tiyeni amayi!" ankatero, mapewa akugwedezeka. "Tiyeni! Musandisiye! Tiyeni!"

Chala cha Noel chinali pa swichi. Kukanikiza kamodzi kokha, TV ikanada, ndipo Helena akanatsala mmene analili. Mwanayo akanatembenuka n'kuona kuti amene wadula ndi bambo ake. Noel anawerenga m'mutu. Kwatsala mizere inayi. Itatu. Anaganizanso zokuwa. Mawu ake anali okonzeka kale, omwe aja a mbuzi. Mwana aliyense amacheuka akamva mawu a bambo ake.

"Amayi, tiyeni!"

Iwiri. Umodzi.

Noel anachotsa chala pa swichi, n'kuika dzanja pakamwa.

Kumanzere ng'oma inakhala chete kamodzi, monga inkachitira m'mawa uliwonse. Kumanja kamtengo kanagwa pa nthawi yake.

Nyumba yonse inaphulika. A Gunda ndi a Ponda anakumbatirana, ena akumenya malata, amayi a pakhonde akululutira. Nyimbo inatha. Pa TV panagwa nyenyezi zambirimbiri. Kenako dzina la HELENA linatsetsereka n'kuzimirira, ndipo pamalo pake panatsala kamzere kakuphethira, kudikira dzina latsopano.

Chiyembekezo anatembenuka akupuma mwamphamvu, ndipo anawaona bambo ake.

"Ababa! Mwaona? Naini siyowonongeka ayi! Amayi ali momwemo, ndimawamva! Dzanja lawo lija, ababa!" Anapukuta maso ndi chitenje. "Dikirani, ndiyambirenso. Ulendo uno sindimenya. Ndikufuna ndingowamvera okha."

Anayamba kufufuza pa TV. Lackson anakweza dzanja, ndipo phokoso linayamba kutsika kuyambira pakhomo mpaka m'kati. Noel anagwada pambali pa mpando.

"Mwanawe," anatero, "makinawa amasunga mmodzi yekha. Amene wapambana."

Mtsikanayo anayang'ana bambo ake, n'kuyang'ana kamzere kaja, n'kuyang'ananso bambo ake.

"Ndiye amayi?"

Noel anapukusa mutu.

"Abwezeretseni."

"Sizitheka."

"A Lackson, abwezeretseni! Inu mumadziwa makina!"

Lackson anangoyang'ana chipewa chake.

Panja kondakitala ankaitana okwera a ku Balaka. Chiyembekezo anayang'ana timitengo tili m'manja mwake ngati si take.

"Munkadziwa," anatero pang'onopang'ono. "N'chifukwa chake munamata pepala lija."

"Inde."

"Inu munkawamva?"

"M'mawa uliwonse."

"Zaka zitatu? Nokha? Ine ndinkagona kuseri kuja pa tchuthi, inu n'kumandituma kukagula mandasi m'mamawa. Kunali kundichotsa? Mukanandiuza, ababa, sindikanamenya. Ndikanangokhala pansi. Ndikanangomvera."

Noel anafuna kunena kuti anaima pa swichi, kuti akanatha kuzimitsa koma sanathe kumulanda nyimboyo ali pakati. Koma zimenezo sizinkayankha funso la mwanayo.

Chiyembekezo anatembenukira ku TV. Ndi kamtengo kamodzi anasankha zilembo, chimodzichimodzi, akulakwitsa n'kubwerera chifukwa maso sankaona bwino. Atamaliza, pamwamba pa nambala naini panalembedwanso kuti HELENA. Anaika timitengo pang'oma, n'kutola nsapato zake m'manja. Anthu anamupatukira. Panja Priscilla anamufunsa chimene chachitika, koma iye anangotenga dengu n'kulisenza yekha, n'kulunjika njira ya ku Mua. Sanatsanzike.

Lamulungu m'mawa, Noel akusesa, anamva kugogoda. Anali Lackson, makina akale ali paphewa, nthambo zikulendewera kumsana. Kanali koyamba kuti nayenso awoloke.

"Ndi anu awa, achimwene," anatero. "Kwanga sakhala. Za msintho tidzakamba tsiku lina." Anawaika pabenchi, n'kuima pang'ono ngati akufuna kuwonjezera mawu. Kenako anangoti, "Mwana uja ali ndi manja," n'kutuluka.

Noel anatseka chitseko. Anachotsa pepala lija pakhoma n'kulipinda. Analumikiza makina akalewo, n'kupukuta fumbi pa TV, n'kusankha nambala naini. Dzina linalipo. Anakhala pabenchi, manja pamaondo, n'kutsinzina.

Ng'oma inayamba. Inali yoyera, yofulumira, yamphamvu za munthu wamng'ono. Anamvera mzere uliwonse mpaka chakumapeto. Malo aja atayandikira anapeza kuti wagwira mpweya monga ankachitira masiku onse, ndipo pakamwa pake panatseguka pokha.

"Helena," ananong'ona, "mbuzi zikudya mpunga."

Palibe anacheuka. Ng'oma inadutsa pamalopo osaphonya, n'kupitirira mpaka nyimbo inatha.